KUCOKERA KU JOHANNESBURG KUFIKA KU SAINT HELENA

Tsiku Loweruka, pa 14 October, 2017, ndege ina inanyamuka m'mawa ku Johannesburg, mzinda uja wa migodi ya golide umene anchito ambiri amangoucha kuti Joni. Inalunjika kumadzulo, nitera pa Windhoek m'dziko la Namibia kuti imwe mafuta, ninyamukanso, nidutsa cipululu, nilowa pamwamba pa nyanja yamcere. Atapita maora asanu ndi limodzi, inatera pa cisumbu cacing'ono cochedwa Saint Helena. Aka kanali koyamba kuti munthu wamba agule tikiti, akwere ndege yoyenda pa masiku oikika, ndi kukafika kumeneko.

Mtunda wa pakati pa malo awiriwa, poyesa molunjika monga iulukira mbalame, ndiwo makilomita pafupifupi 3,700, kapena mamailosi 2,300. Uli ngati kuyenda msewu wa pakati pa Lusaka ndi Ndola maulendo 11 ndi kupitirirapo pang'ono. Kwa ndege za masiku ano mtunda wotere suli kanthu, pakuti zinayamba kale kuuluka maulendo otalika koposa pamenepo. Codabwitsa ndi cakuti anthu a pa Saint Helena anadikira kufikira caka ca 2017, pamene maiko ena onse anali atazolowera ndege zaka zambiri. Mbiri ya kucedwa kumeneku ionetsa kuti kutalika kwa ulendo sikuyesedwa ndi makilomita okha. Kuyesedwanso ndi zimene ziri pa njira: madzi, mapiri, mphepo, mafuta ndi ndalama.

MZINDA WA PA MTUNDA NDI CISUMBU CA PA NYANJA

Johannesburg ndi mzinda wa dzulo-dzulo. Unayamba mu 1886, pamene golide anapezeka pa zitunda za Witwatersrand. Ulibe nyanja, ulibe mtsinje waukuru. Unamangidwa pamenepo cifukwa ca mwala wa pansi pa nthaka basi. Uli pamwamba ndithu, mamita pafupifupi 1,750 kucokera pa madzi a nyanja yamcere, ndiko kuti upambana Lusaka kukwera kwace ndi mamita ngati 500.

Saint Helena ndi nsonga ya phiri lamoto lakale-kale limene linatumphuka pakati pa nyanja ya Atlantic. Munthu atanyamuka pa Lusaka ndi kulunjika kumadzulo kweni-kweni, osapatukira kumanja kapena kumanzere, angadutse dziko la Alozi, angadutse Angola yense, nafika pa gombe. Pamenepo pangamtsalire makilomita ngati 1,900 a madzi okha-okha, popanda ngakhale thanthwe loti mbalame ipumulirepo, ndipo pa mapeto pace angafike pafupi ndi cisumbuci. M'litali mwace ciri makilomita 16, m'mimba mwace makilomita 8. Mtunda wa pakati pa Ndola ndi Luanshya ucipambana pafupifupi kawiri. Mudzi wace waukuru, Jamestown, uli m'cigwa copapatiza pakati pa mapiri awiri, ndipo wofuna kukwera phiri la kumadzulo ndi miyendo amaponda makwerero 699. Cisumbu cina capafupi koposa ndico Ascension, makilomita 1,300 kumpoto cakumadzulo.

Apwitikizi ndiwo anayamba kuciona mu 1502, ndipo sanapezepo munthu ali yense. Anapeza madzi abwino, naikapo mbuzi, nabzala mitengo ya zipatso, kuti amalinyero ocokera ku India azipezapo mpumulo. Mu 1659 kampani ya Angelezi yocita malonda ku India, East India Company, inamangapo linga ndi kuikapo anthu okhazikika. Masiku amenewo cisumbuci sicinali kutali konse, cifukwa cinali pa njira. Zombo za matanga zocokera kum'mawa, zikazungulira nsonga ya Cape, mphepo yeni-yeniyo inkazikankhira ku Saint Helena. Mu 1855 zombo 1,100 zinaima pamenepo, ndiko kuti zitatu tsiku liri lonse.

KUTALI KUMENE KUNASANDUKA NDENDE

Ngakhale zombo zinali kubwera, munthu sakadacokapo popanda cilolezo ca mwini combo. Boma la Angelezi linaona kuti cisumbu cotere ndi ndende yosasowa mpanda. Napoleon, mfumu ya Afalansa imene inabvuta Ulaya yense ndi nkhondo, poyamba anamuika pa cisumbu ca Elba, pafupi ndi gombe la Italy, koma iye anathawa nasonkhanitsanso asilikari. Atamgonjetsa ku Waterloo mu June, 1815, anati tsopano apite kumene sangabwerereko. Ulendo wace wa pa nyanja unatha masabata ngati 10, nafika mu October caka comweco. Angelezi anaika asilikari ngakhale pa Ascension ndi pa Tristan da Cunha, kuopa kuti abwenzi ace angakonzere pamenepo ciwembu ca kumlanditsa. Anakhala m'nyumba ya Longwood kufikira imfa yace pa 5 May, 1821, ndipo mtembo wace unabwerera ku France mu 1840.

Afrika nayenso anapereka andende ace. Dinuzulu, mwana wa Cetshwayo mfumu ya Azulu, anatumizidwa kumeneko mu 1890 pamodzi ndi abale awiri a atate wace, Ndabuko ndi Shingana, nakhala kufikira 1897. Pa nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu, kuyambira 1900 kufikira 1902, Mabunu ogwidwa pafupifupi 6,000 anasungidwa m'misasa pa cisumbupo, ndipo mmodzi wa iwo anali kazembe wao Piet Cronjé. Mu 1907 anafikanso akuru a Azulu 25 amene anapatsidwa mlandu pa cipanduko ca Bambatha, cimene cinabuka cifukwa ca msonkho.

Koma ocuruka koposa onsewa anali anthu amene maina ao sanalembedwe. Mu 1840 Angelezi anakhazikitsa pa Saint Helena bwalo la milandu loweruza zombo zogwidwa ziri kunyamula akapolo. Zombo za nkhondo zinali kulonda gombe la Afrika, makamaka cigawo ca Angola ndi Congo, ndi kugwira zombo zopita ku Brazil ndi ku Cuba. Pakati pa 1840 ndi 1872, anthu oposa 25,000 anatsitsidwa pa cisumbuci, ambiri a iwo ana ndi anyamata. Anatuluka m'zombomo ataonda ndi njala, ali ndi nthomba ndi kamwazi, ndipo pafupifupi 8,000 anamwalira, naikidwa m'cigwa cochedwa Rupert's Valley. Otsalawo anauzidwa kuti ali mfulu, koma njira ya kwao panalibe. Ambiri anatumizidwa kukagwira nchito m'minda ya nzimbe ku West Indies, ena ku Cape, ndipo owerengeka anakhazikika pa cisumbupo. Gombe la kwao linali makilomita 1,900 okha, koma kwa munthu wopanda combo mtunda umenewo unali wosatha.

NJIRA ZA DZIKO ZIPATUKA

Mu 1869 ngalande ya Suez inatsegulidwa, ndipo zombo za pakati pa Ulaya ndi India zinaleka kuzungulira Afrika. Sitima za malasha nazo sizinasowe kutsata mphepo kapena kuima pa njira kutunga madzi monga zombo za matanga. Pofika 1889 zombo zoima pa Saint Helena zinali zitatsika kufika 288. Cisumbu sicinasunthe pa malo pace, koma cinasanduka cakutali, cifukwa njira inacisiya pambali, monga umo mudzi umazirala msewu waukuru ukadzera kwina.

Ndege zitabwera, zinatsata mtunda wouma. Mu 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba maulendo a makalata ndi anthu kucokera ku London kufika ku Cape Town. Ulendowo unali wa masiku 11, ndipo ndege inkatera kawiri-kawiri, monga pa Mpika ndi pa Broken Hill, mudzi umene lero uchedwa Kabwe, isanapitirire ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg. Ndege za nthawi imeneyo sizinali kupita patali popanda kumwa mafuta, koma pa mtunda zinali zotheka kulambula chire, kusalaza nthaka, ndi kuikapo migolo ya mafuta. Pa nyanja zotere sizitheka.

Pa 2 May, 1952, ndege ya Comet inanyamuka ku London, yoyamba pa dziko lonse ya injini za jeti kunyamula anthu olipira pa ulendo woikika. Inaima pa Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, nifika ku Johannesburg maora 24 asanakwane. Cotero mzinda wa golide, umene unali ndi zaka 66 zokha, unayandikana ndi London, makilomita 9,000 kumpoto. Saint Helena, amene ali pafupi ndi Johannesburg koposa theka la mtunda umenewo, anayenera kudikira zaka zina 65.

Sikuti panalibe amene anaganizapo. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mu 1942, asilikari a ku America anamanga bwalo la ndege pa Ascension, cifukwa ndege zao zopita ku Afrika zinafuna popumira pakati pa nyanja. Mu 1943 gulu la nkhondo la ndege la South Africa linatuma anthu kukayesa cidikha ca Prosperous Bay, kum'mawa kwa Saint Helena. Iwo anapeza kuti bwalo lingamangidwe, koma nchito yace ndi yaikuru kopambana phindu lace. Cisumbu conse ndi mapiri ndi zigwa. Malo osalala otalika mokwanira palibe. Nkhondo inafuna Ascension, sinafune Saint Helena, ndipo nkhaniyo inagona.

SITIMA IMODZI YOKHA

M'menemo umphawi unakula. Nchito yaikuru ya pa cisumbu inali kulima comera ca ulusi cofanana ndi khonje, cimene ankapota naco zingwe zomangira matumba a makalata ku Britain. Ca m'ma 1965 a positi a kumeneko anayamba kugwiritsa nchito zingwe za m'fakitale, ndipo makina onse opalira ulusi pa cisumbu anatsekedwa. Amuna ndi akazi anayamba kupita kukafuna nchito ku Ascension, pambuyo pace ku zisumbu za Falkland ndi ku Britain, kusiya ana m'manja mwa agogo ao. Ali yense amene anakulira m'mudzi umene amuna ace anapita ku migodi adziwa umo mukhalira mudzi wotere.

Sitima zazikuru za kampani ya Union-Castle, zoyenda pakati pa Southampton ndi Cape Town, zinkaimako nthawi zina, koma mu 1977 zinaleka, cifukwa apaulendo anali atasamukira ku ndege. Motero ndege, imene inafupikitsa maulendo a anthu ena onse, inatalikitsa ulendo wa anthu a pa Saint Helena. Boma la Britain linawapezera sitima yao-yao mu 1978, ndipo mu 1990 inalowedwa m'malo ndi yatsopano yomangidwa ku Aberdeen. Zonse ziwiri zinachedwa RMS St Helena.

Sitima imeneyi inali moyo wa cisumbu. Inkanyamula anthu, makalata, ufa, mankhwala, simenti ndi magalimoto. Kucokera ku Cape Town, makilomita 3,100, inkayenda masiku asanu, ndipo inkaoneka pa Jamestown ngati kamodzi pa masabata atatu. Doko loti nkukocezapo panalibe; inkaponya nangula patali, anthu ndi katundu nkumafika ku mtunda pa mabwato. Munthu wodwala nthenda yoposa nzeru za cipatala ca pa cisumbu anayenera kuyamba wadikira sitima, kenaka ndi kupirira masiku asanu pa mafunde. Mu November, 1999, sitimayo inaonongeka injini iri pafupi ndi France, nikakhala pa doko la Brest kudikira kuikonza, pamene katundu wa Khrisimasi anali m'kati mwace ndi anthu a pa cisumbu ali kuyang'ana ku nyanja. Pamenepo onse anaona kuopsya kwa kukhala ndi khomo limodzi lokha.

Mu 2002 anthu anafunsidwa maganizo ao, ndipo oposa 70 mwa 100 ali onse oponya voti anasankha bwalo la ndege. Caka comweco anabwezeredwa ufulu wa kukhala ndi kugwira nchito ku Britain, umene lamulo la 1981 linawalanda, ndipo ambiri anacoka. Mu 1998 pa cisumbu panali anthu oposa 5,000. Mu 2008 anatsala ngati 4,250. Boma la Britain linalengeza mu 2005 kuti lidzamanga bwalo, linaimitsa nchitoyo mu 2008 cifukwa ca kubvuta kwa ndalama, ndipo mu November, 2011, linapangana ndi kampani ya ku South Africa, Basil Read, kuti imange.

KUDZAZA CIGWA

Anthu a ku migodi angamvetse bwino kukula kwa nchito imeneyi. Makina onse, malole, mafuta ndi onga wophwanyira miyala zinayenera kubwera pa sitima kucokera ku Walvis Bay, ku Namibia. Zitatsitsidwa pa gombe la Rupert's, panafunika msewu watsopano wa makilomita 14 wokwera mapiri kufika ku cidikha ca Prosperous Bay. Cidikhaco cinali cacifupi, pakuti cakumwera kwace kunali cigwa cakuya cochedwa Dry Gut. Anchito anaphwanya zitunda, natuta miyala yokwana makyubiki mita pafupifupi 8 miliyoni, naithira m'cigwamo, naitsendera, kufikira mulu unakwera mamita ngati 100 ndi kulingana ndi cidikha. Ku migodi anthu amakumba dzenje ndi kuunjika phiri pambali pace. Kuno anagumula phiri kuti atseke dzenje. Pamwamba pace anayala msewu wa ndege wa konkire, mamita 1,950 m'litali. Ndalama zonse zimene Boma la Britain linaika pa nchitoyi zinali mapaundi 285 miliyoni.

Msewu wocokera ku gombe uja unayenera kudzera m'cigwa ca Rupert's. Mu 2008, pokonzekera nchitoyo, akatswiri ofukula zakale anakumba kacigawo kocepa ka cigwaco, napeza mafupa a anthu 325, ena ataikidwa awiri kapena atatu m'dzenje limodzi. Ena anali ndi mikanda, ena anali ndi mano osemedwa monga mwa mwambo wa kwao. Awa anali ena mwa akapolo omasulidwa aja. Mafupawo anasungidwa m'mabokosi zaka 14, anthu ali kutsutsana za malo ndi mwambo woyenera, kufikira mu August, 2022, pamene anaikidwanso mwaulemu m'cigwa momwemo. Njira yatsopano yofikira pa cisumbu ndiyo inakumbutsa dziko za anthu amene anafikapo pa njira yowawa koposa zonse.

MPHEPO IMENE SANAIFUNSE

Ndege yoyamba kutera pa Saint Helena inali yaing'ono, yodzayesa zipangizo za pa bwalo, pa 15 September, 2015. Pa 18 April, 2016, inabwera yaikuru, Boeing 737 ya kampani ya Comair, imene inayenera kumayenda ulendo wa ku Johannesburg sabata liri lonse. Pofika pafupi ndi nthaka inagwedezeka koopsya, ndipo inatera pa kuyesa kwacitatu. Mwambo wotsegulira bwalo, umene unakonzedwa kucitika mu May, unaimitsidwa, ndipo sitima imene inali pafupi kupuma nchito inauzidwa kupitiriza.

Bvuto lace linali ili. Bwalo liri pamwamba pa maphompho, mamita ngati 300 kucokera pa madzi. Mphepo ya kumwera cakum'mawa imaomba pa nyanja imeneyo pafupifupi caka conse. Ikagunda maphompho ndi matanthwe a pafupi ndi mapeto a kumpoto a msewu wa ndege, imasweka, nizungulira, nisintha liwiro ndi mbali mwadzidzidzi. Ndege imayandama cifukwa ca mpweya wodutsa pa mapiko ace. Mphepo ya kutsogolo ikaleka mwadzidzidzi pamene ndege iri pafupi kutera, mapiko amataya mphamvu, ndege nigwera pansi msanga koposa umo woyendetsa afunira. Kutera kucokera kumwera kulibe bvuto lotere, koma pamenepo mphepo imakhala kumbuyo, niikankha ndege, kotero kuti ndege yolemera singaime msewu usanathe.

Manyuzipepala a ku London anaseka, nalicha bwalo lopanda nchito koposa onse pa dziko lapansi. Komiti ya Nyumba ya Malamulo ya Britain yoyang'anira ndalama za Boma inadzudzula akuru a nchitoyo kumapeto kwa 2016, nikumbutsa kuti Charles Darwin, pocezera cisumbuci mu 1836, anali ataona kale macitidwe a mphepoyo. Iye anaimirira m'mphepete mwa phompho pamalo pa bata, naona mbalame ziri kulimbana ndi mphepo yamphamvu patsogolo pace pomwepo. Atatambasula dzanja kunja kwa phompho, anaimva yonse. Akale anati safunsa anadya phula. Miyala inayesedwa, ndalama zinawerengedwa, koma mphepo sinafunsidwe mokwanira konkire asanathiridwe.

Komabe bwalolo silinakhale cabe. Mu June, 2016, ndege yaing'ono inanyamula khanda lodwala kupita nalo ku cipatala ku Cape Town, ulendo wa maora owerengeka m'malo mwa masiku asanu. Oyendetsa ndege anapitiriza kuphunzira mphepoyo, ndipo kunapezeka kuti ndege yocepako, Embraer 190, ikhoza kutera kucokera mbali zonse ziwiri ngati siilemedwa kwambiri. Imeneyi ndiyo ndege ya kampani ya Airlink imene inafika pa 14 October, 2017. Sitima ya RMS St Helena inatsazika cisumbu komariza mu February, 2018.

CIFUKWA CA KUIMA PA NJIRA

Wina angafunse kuti, nanga ndege imene ikhoza kuuluka makilomita 3,700 inaimiranji pa njira popita, pamene m'zaka zotsatira pobwerera ku Johannesburg inkafika osaima, maora asanu asanakwane? Yankho liri pa malo awiriwo.

Coyamba ndi kukwera kwa Johannesburg. Bwalo lace la ndege, lochedwa dzina la Oliver Tambo, mtsogoleri uja amene anakhala zaka zambiri mu Lusaka, liri mamita pafupifupi 1,700 pamwamba pa nyanja. Pamenepo mpweya ndi wopepuka. Ucepa ndi gawo ngati limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi pouyerekeza ndi wa ku gombe, ndipo dzuwa likatentha umapepukirapo. Mu mpweya wotere injini sizikoka mwamphamvu, mapiko sanyamula bwino, ndipo ndege isowa kuthamanga mtunda wautali isanadzuke. Ndico cifukwa cace msewu wina wa ndege pa bwalo limenelo upitirira mamita 4,400, kuposa kawiri wa pa Saint Helena. Ndege yodzaza anthu, katundu ndi mafuta imabvutika kunyamuka pa malo okwera koposa pa gombe.

Caciwiri ndi kukhala pa cokha kwa cisumbu. Ndege yopita ku Ndola ikapeza mvula yamkuntho, ikhoza kupatukira ku Lusaka. Yopita ku Saint Helena iribe kopatukira kwapafupi. Cifukwa ca ici malamulo a ndege afuna kuti yopita ku bwalo lotere inyamule mafuta apadera okwanira kuuluka maora ena awiri, kuti ikapeza mtambo utaphimba phiri ikhoze kuzungulira ndi kudikira. Woyendetsa asanapitirire malo amene sangathenso kubwerera ku Afrika, ayenera kumva za nyengo ya pa cisumbu ndi kutsimikiza mtima. Mafuta ndi olemera, ndipo kulemera kwace kumalanda malo a anthu. Ndegeyo inali ndi mipando pafupifupi 100, koma poyamba matikiti ogulitsidwa sanapitirire 76.

Motero kunali kwanzeru kumwa mafuta pa malo omarizira a mtunda. Poyamba anali Windhoek, koma nayenso ali pamwamba ngati Johannesburg. Pambuyo pace anasankha Walvis Bay, amene ali pa gombe pomwe, pa mzere wolunjika wa ulendowo: makilomita ngati 1,400 kucokera ku Johannesburg, ndi ena 2,300 kufika pa cisumbu. Pobwerera zonsezi sizibvuta, pakuti kutsogolo kuli mabwalo ambiri opatukirako, ndipo mphepo ya m'mwamba kawiri-kawiri imathandiza ndege yopita kum'mawa. Makilomita ndi omwewo, koma ulendo wopita ndi wautali koposa wobwerera.

ZIMENE NDEGE INASINTHA

Pomanga bwalo, Boma la Britain linayembekeza kuti m'tsogolo alendo odzaona malo adzafika pafupifupi 30,000 pa caka, ndi kuti cisumbu cidzaleka kudalira thandizo la ndalama. Koma ndege imodzi pa sabata, ya anthu 76, singanyamule ngakhale 4,000 pa caka, ndipo ambiri mwa okwera ndi eni cisumbu omwe. Khomo likatseguka, ena amalowa, ena amatuluka. Kalembera wa 2016 anapeza anthu 4,534. Wa 2021 anapeza 4,439.

Mu March, 2020, mliri wa Covid-19 utafika, South Africa anatseka malire ace, ndipo ndege ya ku Johannesburg inaleka zaka ziwiri, kufikira March, 2022. M'nthawi imeneyo kunkabwera ndege yobwereka kucokera ku London mwa apo ndi apo, ndipo ali yense wofika anayamba wabindikiritsidwa. Nthendayo sinafale pakati pa anthu a pa cisumbu kufikira lamulo la kubindikira litacotsedwa mu August, 2022, anthu ambiri atalandira kale katemera. Kutali komwe kuja kumene kunatsekera Napoleon ndi Dinuzulu, kumene kunacedwetsa odwala pa njira ya ku cipatala, pa nthawi iyi kunachinjiriza nkhalamba za pa cisumbu.

Pa udzu wa pa nyumba ya Bwanamkubwa wa Saint Helena anaikapo kamba wamkuru, dzina lace Jonathan, amene anabwera pa combo kucokera ku Seychelles mu 1882, ali wamkuru kale. Pamene iye anafika, pa malo pamene pali Johannesburg panali mapulazi ndi udzu, golide asanapezeke. M'moyo wa kamba mmodziyo mzinda unamera, zombo za matanga zinatha, sitima za makalata zinabwera ndi kupita, cigwa cinadzazidwa, ndipo mu December, 2022, pamene anthu anamcitira phwando la zaka 190, ndege ya ku Johannesburg inali itayambanso kutera Loweruka. Mtunda uli pomwe unali, makilomita 3,700. Mwana wa pa Saint Helena wogwira nchito kunja akamva kuti mai wace wadwala, akhoza tsopano kufika pa khomo m'masiku owerengeka, pamene kale akadafika maliro atapita. Koma asananyamuke amayamba wafunsa ngati mtambo wacoka pa phiri, ndi kumene mphepo iri kuombera.